Kodi oilo wa m'lole tisinthe liti?

Nyengo ya kukolola ikafika, miseu ya m'Cigawo ca Kum'mawa imadzala ndi malole. Ena amasenza cimanga kupita ku madepoti a Food Reserve Agency, ena thonje, ena nshawa ndi soya kupita ku Lusaka, ndipo mvula ikayandikira malole omwewo amabwerera ndi feteleza. Ambiri mwa malole amenewa si a makampani akulu ai. Ndi a alimi amene anagulitsa ng'ombe zao, a aphunzitsi opuma pa nchito amene anaikapo penshoni yao yonse, ndi a makopaletivu a m'midzi. Lole yotere ikafera pa njira sipafa citsulo cokha: cimanga ca mudzi wathunthu cimatsala pamtetete, ndipo mwini lole amatsala ndi ngongole.

Mainjini ambiri amene amanoka pa nyengo imeneyi amafa kaamba ka oilo. Tsono funsani anthu asanu pa galaja kuti oilo ayenera kusinthidwa liti, mudzamva mayankho asanu. Wina adzati pa makilomita 5,000, wina 10,000, dalaivala wa lole yaikulu ya ku Dar es Salaam adzaseka nati iye amafika 30,000 popanda vuto, ndipo padzapezeka mkulu wina wonena kuti oilo sasintha, amangoonjezera. Maganizo anga ndi awa: lole yaing'ono kapena yapakati, monga Canter, Dyna kapena Isuzu Elf, imene nchito yake ndi ya m'miseu ya fumbi ya kumidzi, isinthidwe oilo pamodzi ndi fyuluta yake pa makilomita 5,000 kapena pa miyezi 6, cimene cayamba kukwana. Ngati buku la galimotoyo lanena kuti musinthe msanga koposa apa, mverani bukulo.

Kuti timvane bwino tiyambe taona nchito ya oilo. Ambiri amadziwa kuti oilo amatereretsa zitsulo kuti zisaperesane, ndipo nzoona. Koma amanyamulanso kutentha kucokera ku mapisitoni, amatsuka mwaye umene dizilo amasiya akapsa, ndiponso muli mankhwala amene opanga anaikamo olimbana ndi asidi wobadwa m'injini. Mankhwala amenewa amatha pang'ono-pang'ono monga momwe sopo amathera m'madzi ocapira. Akatha, mwaye umayamba kuundana, oilo amakhuthala ngati phala, tinjira ting'ono-ting'ono topita ku mabeyalingi timatsekeka, ndipo tsiku lina pa citunda ca Manenekela, lole itasenza matumba kufika pamwamba, injini imayamba kugogoda. Pamenepo nkhani yatha, catsala nkufuna lole ina yokoka.

Nanga dalaivala wa makilomita 30,000 uja alikunama? Iai, sakunama, koma alikunena za galimoto yake, osati yanu. Injini ya lole yaikulu imamwa malita a oilo oposa 30, pamene Canter kapena Dyna imamwa malita 10 kapena kucepera apo. Litsiro limene lingasowe m'diramu limadetsa msanga madzi a m'ndowa. Ndiponso lole yaikulu imayenda pa tala tsiku lonse ndi liwiro limodzi, injini itatentha bwino, ndipo makampani ena amatumiza oilo wocepa kukapimitsa asanasinthe. Ife tiribe zonsezi. Mabuku a opanga magalimoto kawiri-kawiri amapereka ziwerengero ziwiri, cina ca nchito wamba ndi cina ca nchito yolemetsa, ndipo cinaci cimakhala pafupi-fupi theka la coyambaco. Nchito yolemetsa amati ndi ya m'fumbi, ya katundu wolemera, ya kuyenda pang'ono-pang'ono pa mseu woipa, ndi ya kuimirira nthawi yaitali injini irikulira. Werenganinso mau amenewa, abale, ndipo mundiuze ngati sakunena za lole imene imatuta cimanga m'midzi ya ku Chadiza kapena ku Lundazi m'mwezi wa Ogasiti.

Ciwerengero ca makilomita cimatinamizanso mwa njira ina. Injini siidziwa mtunda, imadziwa kuzungulira. Tiyerekeze kuti injini irikuzungulira ka 2,000 pa mphindi imodzi, ndiye kuti pa ola limodzi yazungulira ka 120,000. Pa mseu wa tala ola limenelo lingakufikitseni makilomita 80. Pa mseu wa maenje ndi mcenga, muli pa giya yaciwiri, ola lomwelo lingakupatseni makilomita 20 okha, koma injini yagwira nchito yofanana, kapena yoposa. Nci cifukwa cake mathirakitala sawerengedwa ndi makilomita koma ndi maola, ndipo ambiri, makamaka akale, amasinthidwa oilo pa maola 250. Maola 250 pa liwiro la makilomita 80 ndi makilomita 20,000. Maola omwewo pa liwiro la makilomita 20 ndi makilomita 5,000. Apa ndi pamene pagona kusiyana kwa mayankho a pa galaja paja. Onjezanipo maola amene injini imangolira lole itaima pa mzere wa pa depoti, cifukwa batire njofooka ndipo dalaivala aopa kuti akazimitsa sidzaliranso. Koloko ya makilomita siiwerenga maola amenewo, koma oilo amawawerenga, ndipo opanga magalimoto ena amati ola limodzi lotere nlofanana ndi ulendo wa makilomita 40 kapena 50.

Malole athu ambiri anabwera kucokera ku Japan atagwira kale nchito. Buku lake mwina linasocera pa doko, mwina liripo koma nlolembedwa m'Cijapani, ndipo pa malole ena koloko ya makilomita inaleka kuyenda kale-kale. Zimenezi si cifukwa cokhalira osawerenga. Kucokera ku Chipata kupita ku Lusaka ndi makilomita pafupi-fupi 570, cotero kupita ndi kubwera kanai ndiye kuti makilomita 5,000 ayandikira, ndipo ulendo wacisanu uyenera kuyamba ndi oilo watsopano. Kucokera ku Chipata kupita ku Lundazi ndi pafupi-fupi 180, ndiye kuti maulendo 14 opita ndi kubwera. Munthu amene adziwa kuwerenga matumba okwezedwa pa lole sangalephere kuwerenga maulendo.

Tsono pali miyambo iwiri imene ndifuna kutsutsa kotheratu. Woyamba ndi wa kuweruza oilo ndi maso ndi zala. Mudzaona dalaivala asolola kacitsulo koyezera, apaka oilo pa cala, atikita, nanena kuti akali wabwino. Wina aona kuti oilo wada patangopita masiku atatu, nayamba kukalipira makanika kuti sanasinthe. Onse awiri alakwa. Oilo wa m'injini ya dizilo amada msanga cifukwa alikugwira nchito yake yonyamula mwaye, ndipo kuda kumeneko sikunena kanthu za mphamvu imene yatsala. Cala sicingamve asidi, ndipo fumbi limene limadya malingi nlosalala koposa ufa woyera. Kacitsulo kaja kali ndi nchito yake, ndipo kasololedwe m'mawa uliwonse lole iri pamalo osatsetsereka. Kamakuuzani ngati oilo wacepa. Oilo akaoneka wotuwa ngati tiyi wa mkaka, madzi alowa m'injini. Akamaculuka yekha ndi kununkha dizilo, ndiye kuti dizilo alikudonthera m'kati ndi kumusungunula. Pa ziwiri zotsirizazi musadikire ciwerengero ciriconse. Pitani kwa makanika tsiku lomwelo.

Mwambo waciwiri ndi woipa koposa, ndipo umamveka wanzeru. Mwini lole amati, injini yanga imadya lita imodzi pa ulendo uliwonse, ndipo ine ndimaonjezera lita yatsopano, cotero pakutha pa mwezi oilo yense ndi watsopano, ndisinthirenji? Amai a kumudzi angamuyankhe. Mtsuko umene pansi pake pali matope suyera cifukwa ca kuthiramo madzi abwino tsiku ndi tsiku; uyenera kukhuthulidwa ndi kutsukidwa. Oilo amene injini yadya amacoka ngati utsi, koma mwaye wambiri, fumbi ndi tizitsulo toperesedwa zimatsala pansi ndi m'fyuluta. Ndipo fyuluta ikadzala siiletsa oilo kuyenda. Muli kakhomo kapambali kamene kamatseguka kuti injini isaume, ndipo kuyambira pamenepo oilo amazungulira wosasefedwa, dalaivala osadziwa kanthu, cifukwa nyali yofiira siiyaka. Komanso injini imene imadya oilo kawiri-kawiri ndi imene malingi ake atha, ndipo malingi otha amalola utsi wambiri kutsikira m'oilo. Injini yotere ndiyo ifunika kusinthidwa oilo msanga kuposa inzake.

Wina adzati, inu olemba m'nyuzipepala simudziwa mtengo wa oilo. Ndiudziwa, ndipo sindikana kuti ngwowawa, makamaka m'mwezi umene ogula cimanga sanalipire. Koma malita 10 a oilo ndi fyuluta mtengo wake tingauwerenge ndi matumba a cimanga, pamene kutsegula injini yonoka, kugula mapisitoni, malingi ndi mabeyalingi, ndi kutumiza zitsulo ku mzinda kukapalidwa, mtengo wake timauwerenga ndi ng'ombe. Pamwamba pa izi lole imakhala pa miyala milungu yambiri pa nyengo yokhayo imene ikadapanga ndalama za caka conse.

Pali mau ena amene ali ndi coonadi, ndipo ndiwavomera. Oilo wa masiku ano ngwabwino kuposa amene makolo athu anali kuthira m'malole a Bedford ndi Leyland. Dizilo nayenso wasintha. Kale anali ndi salufa wambiri, amene akapsa ndi kusakanizika ndi cinyezi amabala asidi. Kuyambira mu 2023 mpope wa TAZAMA, wocokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, unayamba kubweretsa dizilo woyengedwa kale wa salufa wocepa. Cotero amene lole yake iri ndi injini yabwino ndipo imayenda pa tala yekha-yekha pakati pa Chipata, Katete, Petauke ndi Lusaka angafike pa ciwerengero cacikulu ca m'buku popanda mantha, ndipo kusintha pa 5,000 kungakhale kutaya ndalama. Koma dizilo woyera sanacotse fumbi m'miseu yathu. Fumbi limalowa ndi mpweya, ndipo mlonda wake ndi fyuluta ya mpweya. Anyamata a pa lole amakonda kuimenyetsa pa tayala kuti fumbi ligwe, ena amaiboola ndi waya kuti injini ipume bwino. Fyuluta yong'ambika ingaononge injini pa nyengo imodzi, ngakhale mutasintha oilo sabata iriyonse.

Za mtundu wa oilo sinditalikitsa. Mainjini a dizilo akale a malole athu ambiri amafuna wolembedwa 15W-40, ndipo pa cigubu yang'anani zilembo API zotsatana ndi cilembo C, monga CH-4 kapena CI-4, pakuti C ndi wa dizilo pamene S ndi wa petulo. Gulani cigubu cotseka ndi cidindo cake kwa wogulitsa wodziwika. Oilo wa m'mabotolo otsegula wa m'mbali mwa mseu angaoneke woyera bwino, koma paja cikome-kome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Simudziwa ngati ndi wa injini, wa giyabokosi, kapena wakale wosefedwa ndi nsalu.

Ndipo mlandu wonsewu uli pa mutu pa mwini lole, osati pa dalaivala. Eni ena amapatsa dalaivala ndalama za sevisi pamodzi ndi za dizilo ndi za cakudya, osafunsanso, ndipo injini ikafa amathamangira kunena kuti dalaivala ngwosasamala. Ena amakana kupereka ndalamazo, nati tidzasintha ulendo wamawa, mawa losafika. Kabuku ka ana a sukulu kokhala m'lole kangathetse mikangano yambiri: tsiku losinthira, makilomita kapena maulendo, mtundu wa oilo, ndi dzina la amene anasintha. Mwini akhalepo yekha poona oilo wakale alikukhetsedwa injini ikali yofunda, aone ndi maso ake fyuluta yakale itacotsedwa, pakuti amakanika ena osakhulupirika amangoipukuta kunja. M'makopaletivu, kumene lole ndi ya onse ndipo kawiri-kawiri palibe amene aisamala ngati yake, kabuku kameneka kaziwerengedwa pa msonkhano monga momwe amawerengera za ndalama.

Oilo wakale uja musamutaye m'dambo kapena pafupi ndi citsime, ndipo musamupake pa zironda za ng'ombe kapena pa khungu la munthu monga amacitira ena, cifukwa muli zinthu zapoizoni. Musungeni m'cigubu cotseka ndi kumupereka ku galaja.

Malole ambiri a kumidzi amagwira nchito yoopsa kuyambira Meyi kufika Novembala, kenaka amaima pansi pa mtengo dzinja lonse cifukwa miseu yaonongeka. Mwini amati lole siinayende, cotero oilo akali watsopano. Koma m'injini yoima mumalowa cinyezi, ndipo asidi wa m'oilo wakale amadya mabeyalingi mwakacete-cete miyezi yonseyo. Lole yotere isinthidwe oilo pamene yatsitsa thumba lotsiriza la feteleza, isanaimikidwe, ndipo isinthidwenso m'mwezi wa Meyi isanakweze thumba loyamba la cimanga, kuonjezera pa kusintha kwa pakati pa nyengo kumene maulendo olembedwa m'kabuku adzakuuzani.