Mpopi umodzi pambali pa chiwaya

Mwana wa mlongo wanga amene akugwira ntchito ya zomangamanga ku Lisboa anandiimbira foni Lamulungu lapitali ali pakati pa phokoso. "Malume, taonani kuno," anatero akutembenuza foni ija. Ndinaona chinyumba chachitali, matebulo aataliatali pakati, m'mbali monsemo muli timakhitchini tofuka nthunzi. Malowo ndi Mercado da Ribeira, msika wakale wa nsomba ndi masamba pafupi ndi mtsinje wa Tejo. Mu 2014 mbali imodzi ya msikawo anaikonza n'kuisandutsa malo odyera otchedwa Time Out Market, ndipo alendo ochokera m'maiko ambiri amadzazana mmenemo. Nditamufunsa ngati amadyako, anaseka. "Mtengo wake ndi wa alendo, malume. Ine ndikafuna chakudya cha kwathu ndimakwera ku Mouraria." Kumeneko kuli Cantinho do Aziz, malo odyera a anthu ochokera kuno ku Mozambique, kumene matapa amaphikidwa monga timawadziwira.

Foni itaduka, maganizo anga anabwerera pa Mandimba pomwe pano. Nafenso tili nayo misewu ya zakudya, kungoti palibe anaitchapo dzina kapena kuimangira denga.

Fikani pamsika m'mamawa, nthawi imene anyamata a kabaza ayamba kutsitsa anthu ochokera ku Chiponde. Pali mayi wina amene ndakhala ndikugula kwa iwo kwa zaka zambiri. Khobwe wawo amanyika madzulo, m'bandakucha amamutikita kuti makoko achoke, n'kumusinja pamodzi ndi adyo ndi mchere. Akamagwetsa phalalo m'mafuta otentha ndi supuni, bajiya amafufuma n'kufiira mbali imodzi, iwo n'kumutembenuza ndi kamtengo kosongoka kamene kanada ndi ntchito. Kenako amang'amba buledi uja timamutcha pau, wa khungu lolimba koma wofewa mkati, amene Apwitikizi anatisiyira, n'kuikamo bajiya atatu akadali moto. Munthu wochokera ku Mangochi amene anazolowera buledi wodulidwa wa m'pepala akaluma kamodzi amayamba kufunsa mtengo wa khumi oti atengere ana. Mayiwo amalandira metikali, amalandiranso kwacha, ndipo chenji amawerengera pamtima mofulumira kuposa anyamata osintha ndalama pachipata. Amayankha m'Chiyao, m'Chimakuwa, m'Chinyanja, malinga ndi amene waima patsogolo pawo.

Chapatali pang'ono pali chiwaya cha chipisi, kabichi wodulidwa mopyapyala ali pambali, botolo la tsabola lili pakona. Pa kanyenya wa mbuzi funso loyamba silikhala la mtengo ayi. M'dera lino Asilamu ndi ambiri, choncho munthu amayamba wafunsa kuti, "Yachinjidwa bwino?" Wootcha amene sangayankhe funso limeneli molimba mtima sakhalitsa pamalonda. Mwezi wa Ramadan ukafika msika umakhala zii masana, koma dzuwa likangolowa fungo la futali ndi tiyi limadzaza njira yonse.

Mukakwera chapa yolowera ku Lichinga n'kuima pa Massangulo m'boma la Ngauma, chimanga chootcha chimakupezani pawindo musanatsike. Koma kumene chakudya cha m'njira chili pachimake ndi ku Cuamba. Tauni imeneyi, imene atsamunda ankaitcha Nova Freixo, inakula chifukwa cha njanji: apa ndi pamene njanji yochokera ku Nacala imagawikana, ina kupita ku Lichinga, ina ku Entre Lagos n'kulowa m'Malawi pa Nayuchi. Amene anakwerapo sitima yochokera ku Nampula akudziwa mmene pa Malema ndi pa Mutuali malonda onse amachitikira pawindo, anyezi, adyo, nthochi, nkhuku yokazinga, ndalama ikutsika katundu akukwera sitima isananyamuke. Akatsika pa Cuamba madzulo amalandiridwa ndi utsi wa makala wa m'mabaraka, nkhuku yotambasulidwa pawaya ikudontha mandimu ndi piripiri. Nkhuku ya mtundu umenewu ndi imene inalemeretsa Nando's, imene inayamba ku Johannesburg mu 1987 ndipo lero ili mpaka ku London. Ife timaidya chilili pambali pa ngalande.

Apa ndi pamene mtima wanga umawawa. Yang'anani pansi pa tebulo la mayi wa bajiya uja. Pali chigubu chimodzi cha madzi chimene anasenza kuchokera kunyumba, ndi beseni limodzi. M'besenimo mumatsukidwa makapu, ndipo nthawi zina mumasambanso m'manja aliyense wodya. Ikamakwana 10 koloko madziwo amakhala atasintha mtundu. Si uve wa mayiwo ayi: nsalu yawo yovindikira buledi imakhala yoyera mbee tsiku lililonse. Madzi ndiwo palibe.

Tonse tikukumbukira kolera ya mu 2022 ndi 2023. Ku Malawi inapha anthu oposa 1,700, ndipo kuno ku Mozambique inayambira m'chigawo chathu chomwechi cha Niassa, m'boma la Lago. Matendawa akabuka, chimene akuluakulu amathamangira ndi kuletsa zakudya zophikaphika m'misika. Nthawi ya mliri ine sinditsutsa, moyo wa munthu sugulidwa. Chimene chimandipweteka ndi chakuti mliri ukatha zonse zimabwerera mwakale, chigubu chomwe chija, beseni lomwe lija, mpaka mvula ina idzagwe. Mayi aja anandiuza tsiku lina akupukuta manja pachitenje: "Achimwene, chiphaso cha pamsika ndimadula tsiku ndi tsiku. Akandiletsa kukazinga ana agona ndi njala, ndikakazinga akuti ndikufalitsa matenda. Nanga mpopi uli kuti?" Ndinasowa chowayankha, ndinangolandira pau wanga.

Sindikupempha kuti timange chinyumba chonga cha ku Lisboa. Ndipotu sindikuchifuna n'komwe, chifukwa malo odyera amene mwana wa mlongo wanga amangoonera chapatali pamene amagwira ntchito mumzinda womwewo si malo otengerako chitsanzo pa zonse. Chimene ndasirira kumeneko ndi chimodzi: a ku Lisboa anaona kuti anthu ophika chakudya ndi chuma cha mzinda, n'kuwapatsa madzi, denga ndi magetsi. Pano msewu wochokera ku Cuamba kudzera pa Mandimba mpaka ku Lichinga tsopano ndi wa phula, magalimoto achuluka, ndipo woyendetsa lole aliyense amafuna poima kuti adye. Akapeza malo aukhondo adzaima, adzauzanso anzake. Ndalama imeneyo imathera m'manja mwa mlimi wa khobwe, wootcha buledi, mnyamata wosenda mbatata ndi mayi wolipirira mwana sukulu.

Inu akuluakulu a matauni athu, ndalama ya chiphaso imene mumatolera m'mawa uliwonse ionekeko pamalo pamene yachokera. Sankhani mzere umodzi pa msika uliwonse, pa Mandimba, pa Massangulo, pa Cuamba. Ikanipo mpopi wa madzi ndi sopo, chimbudzi chotsekeka, malata oteteza ku mvula ndi getsi loti amayi asamalongedze katundu dzuwa likangopendeka. Ophikawo muwaitane akuuzeni okha pamene mpopi uyenera kuima, chifukwa ndiwo akudziwa pamene anthu amadutsa. Ndipo inu owerenga, mawa mukakagula bajiya musapise manja m'beseni la anthu onse. Pemphani kuti akuthirireni madzi ndi kapu, ndipo mukakumana ndi mkulu wa pamsika mumufunse za mpopi. Mvula isanayambe, mpopiwo ukhale utaima.