Nyali za galimoto pa mlatho wa Bua nazonso tizipachika pakhoma

Aphunzitsi anzanga, ndi inu ophunzira anga akale, tayang'anani makoma a m'nyumba zathu. Mupezapo kalendala ya feteleza, mathithi a dziko losadziwika, kapena msewu wa ku Dubai usiku uli ndi mizere yoyera ndi yofiira. Mizere imeneyo ndi nyali za galimoto basi. Timagula pamsika n'kupachika monyadira, chonsecho nyali zomwezo zimadutsa pa mlatho wa Bua usiku uliwonse. Ine ndikuti tijambule zathu.

Ena anena kuti nyali ya galimoto n'chiyani poyerekeza ndi njovu. Zoona, njovu tili nazo. A African Parks anabweretsa pafupifupi 500 m'nkhalango ya Nkhotakota mu 2016 ndi 2017, ndipo alendo amazijambula tsiku ndi tsiku. Chimene mlendo sajambula ndi msewu wa M5 dzuwa likalowa: malole ochokera ku Dwangwa, minibasi yomaliza ya ku Salima, matola odzaza usipa, njinga zamoto za akabaza. Umenewu ndiye moyo wathu, ndipo tikapanda kuujambula ife palibe adzatijambulire.

Kajambulidwe kake sikovuta. Ikani kamera kapena foni pa chinthu chosagwedezeka, muitchere kuti diso lake likhale chotsegula masekondi 10 kapena 20. Galimotoyo sioneka, popeza ikuyenda mumdima. Kuwala kokha ndiko kumalemba mzere. Poti kuno timayendetsa kumanzere, mizere yofiira ya galimoto zopita imakhala kumanzere, yoyera ya zobwera kumanja. Luso limeneli silachilendo ayi. Mu 1949 Gjon Mili anamjambula Pablo Picasso akulemba zithunzi m'malere ndi kanyali kakang'ono, magazini ya Life n'kuzisindikiza.

Anzanga a Physics, apa pali phunziro laulere. Timavutika kujambula ndi choko mmene galasi lokumbika la m'kati mwa nyali limasonkhanitsira kuwala n'kukuponya kutsogolo. Mwana akajambula yekha nyaliyo, amafunsa mafunso amene pabolodi safunsa.

Koma chachikulu kwa ine ndi ichi: chithunzi chotere sichinama. Galimoto ya diso limodzi imasiya mzere umodzi ngati njinga yamoto, ndipo ndi mmenenso imapusitsira munthu wofuna kuwoloka. Wanjinga wopanda nyali sasiya kanthu n'komwe. Mayi wosenza mpunga m'mbali mwa msewu nayenso saoneka. Amene kamera sinamuone, dalaivala wothobwa m'maso ndi nyali za mnzake samuonanso. Ana athu ambiri amayenda mumsewu womwewu m'bandakucha komanso madzulo. Chithunzi chimodzi chopachikidwa m'laibulale chingawauze zimene ife timangokuwa pa asembule iwo akuyasamula.

Chenjezo lokha: imani patali ndi phula, musayatse flash m'maso mwa oyendetsa, ndipo musatsikire kumtsinje usiku, Bua ali ndi ng'ona. Ophunzira asapite okha, apite ndi mphunzitsi makolo atavomera.

Inu amene muli ku Lilongwe, Mzuzu kapena Johannesburg, mukabwera pa tchuthi yesani, mutsukitse chithunzicho, chimodzi mutisiyire pasukulu. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Za ku Dubai aziyang'ana eni ake.