CBG: CHIKOMEKOME CHA MKUYU, TIYAMBE TAUNG'AMBA

Mwezi wathawu azakhali anga, amene akhala akumwa mankhwala a BP kwa zaka zambiri, anandiitana kunyumba kwawo. Patebulo panali kabotolo kakang'ono kolembedwa CBG. Mayi wina anawagulitsa, ati kachokera ku Joni ndipo kamachiza BP, shuga, nyamakazi ndi khansa yomwe. Mtengo wake unali woposa thumba la chimanga.

"Iwe umalemba nyuzi, tandiuza," anatero. "Kodi ndingosiya mapilitsi akuchipatala aja?"

Ndinawayankha kuti, "Azakhali, chonde musayerekeze." Lero ndikufuna kufotokoza chifukwa chake, poti ndikudziwa kuti si azakhali anga okha amene afikiridwa ndi timabotolo totere.

Kodi CBG n'chiyani? M'chamba muli zinthu zoposa 100 zimene akatswiri amazitcha ma cannabinoid. Chotchuka kwambiri ndi THC, chija chimazunguza mutu wa wosuta. China ndi CBD, chimene sichiledzeretsa. CBG, dzina lake lonse cannabigerol, nachonso sichiledzeretsa. Anachitulukira ndi Yechiel Gaoni ndi Raphael Mechoulam ku Israel mu 1964, chaka chimene ife tinalandira ufulu wodzilamulira. Mbewu ikadali yanthete imayamba yapanga chinthu chotchedwa CBGA, ndipo pamene ikukhwima imachisandutsa kukhala magwero a THC ndi CBD. N'chifukwa chake ena amati CBG ndi mayi wa zinzake. Pofika nthawi yokolola, m'mitundu yambiri ya chamba CBG imatsala yosakwana 1 peresenti.

Tiyeni tiuzane zoona: kafukufuku wa CBG alipo, ndipo wina ngopatsa chiyembekezo. Mu 2013 akatswiri a ku Naples, m'dziko la Italy, anapeza kuti CBG inachepetsa kutupa kwa matumbo. Mu 2016 a ku yunivesite ya Reading ku Mangalande anaona kuti imawonjezera chilakolako cha chakudya. Mu 2020 a ku yunivesite ya McMaster ku Canada anaonetsa kuti imapha tizilombo ta MRSA, timene timakana mankhwala ambiri a m'chipatala. Zonsezi n'zoona. Koma odwala ake anali yani? Mbewa ndi makoswe! Ogulitsa timabotolo mawu amenewa amawadumpha. Mankhwala ochuluka zedi amene anachiza mbewa analephera atayesedwa pa anthu.

Nanga pa anthu? Mu 2024 gulu la Carrie Cuttler ku Washington State University ku America linapatsa anthu 34 CBG yolemera mamiligalamu 20. Anthuwo anati nkhawa yawo inachepako, ndipo sanaledzere. Nkhani yabwino ndithu. Koma taonani: anthu 34 sangadzaze ndi basi ya ku Mchinji yomwe. Anali anthu abwinobwino, osadwala, ndipo CBG anaimwa kamodzi kokha. Palibe paliponse pamenepo pamene pakunena za khansa, shuga kapena Edzi.

Yerekezani ndi CBD. Mu June 2018 bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linavomereza Epidiolex, mankhwala opangidwa ndi CBD, kuti azipatsidwa kwa odwala mitundu 2 yovuta ya khunyu. Chilolezocho chinabwera atayesa pa odwala mazanamazana, atadziwa muyeso wake ndi zovuta zake, monga kuvutitsa chiwindi. Imeneyo ndiyo njira imene chinthu chimayenda kuti chitchedwe mankhwala. CBG njirayo yangoiyamba kumene.

Pali chinanso chimene chinandiopsa pa nkhani ya azakhali. Kafukufuku wa m'labotale waonetsa kuti CBG imagwira m'thupi pamalo omwe amagwirapo clonidine, mankhwala otsitsa BP, ndipo akatswiri achenjeza kuti ingathe kusokoneza kuthamanga kwa magazi. Munthu amene ali kale pa mapilitsi n'kumathirirapo madontho osayezedwa akusewera paulimbo. Wosiyiratu mapilitsiwo ndiye akudziitanira sitiroko.

Ndiye kodi m'kabotolomo muli zimene zalembedwa panja? Mu 2017 akatswiri a ku America anagula pa intaneti mitundu 84 ya zinthu zopangidwa ndi CBD n'kuziyeza. Zimene zinagwirizana ndi zolembedwa pa chikuto zinali 26 zokha, ndipo mu 18 munapezeka THC. Ngati zinali choncho kumeneko, nanga bwanji kabotolo kodutsa pa Mwanza m'chikwama cha munthu?

Ena adzati, "Mtolankhani ameneyu akudana ndi chitukuko, azungu amugula." Ayi abale. Ine ndinasangalala pamene Nyumba ya Malamulo mu February 2020 inavomereza lamulo lolola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, ngakhale kusuta kunakhalabe mlandu. Fodya watinyamula zaka zambiri, koma maiko akunja akumutembenukira msana. Kufuna mbewu ina si tchimo. Bambo Boniface Kadzamira, phungu amene anayambitsa nkhaniyi m'Nyumbamo, poyamba anzawo anawaseka, koma pomaliza lamulo linadutsa.

Chimene ndikukana n'chakuti mlimi azinamizidwa monga akunamizidwira wodwala. Mu 2020 boma litalengeza mitengo ya ziphaso, cholimira chamba cha mankhwala chinali madola 10,000 ndipo cha m'mafakitale madola 2,000. Ndi mlimi uti wa ku Nkhotakota kapena ku Mzimba amene akanazipeza yekha ndalama zimenezo? Kuonjezera apo, CBG sipezeka yambiri m'chamba chathu chotchuka chija, poti chimenecho n'cha THC. Kuti mupeze CBG yochuluka pafunika mbewu yosankhidwa mwapadera kapena kukolola msanga, kenaka makina okamulira ndi labotale yoyezera. Zonsezi n'zodula. Ku America komweko, boma litalola kulima hemp mu 2018, alimi anathamangirako mwaunyinji, katundu anasefukira, mitengo ya CBD inagwa mu 2019 ndi 2020, ambiri n'kutsala ndi ngongole. Wina akabwera pamudzi n'kunena kuti sonkhani ndalama, CBG ndi golide watsopano, mufunseni kaye: wogula ali kuti, ndipo pangano lolembedwa lili kuti? Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Tsono tichite chiyani? Choyamba, bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority lisakhale m'maofesi mokha. Lituluke, ligule timabotolo timeneti, lituyeze, zotsatira zake lizilengeze pa wayilesi m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao. Wonena kuti akuchiza khansa popanda umboni ayankhe mlandu. Chachiwiri, bungwe la Cannabis Regulatory Authority liziuza Amalawi poyera kuti ziphaso zapita kwa yani, zokolola zagulitsidwa kuti, ndipo mlimi wapezapo zingati. Chuma cha dziko si chinsinsi cha anthu ochepa. Chachitatu, tili ndi Chitedze, tili ndi LUANAR ku Bunda, tili ndi KUHeS ku Blantyre. Boma liwapatse ndalama kuti kafukufuku wina achitikire kuno, pa nthaka yathu ndi pa matenda athu. Apo ayi tidzakhala monga tinakhalira ndi fodya: ife kulima ndi kupindira msana, ena kukamula mafuta n'kudzatigulitsa kabotolo pa mtengo wa thumba la chimanga.

Mwina tsiku lina CBG idzakhaladi mankhwala ovomerezeka a matumbo, a nkhawa kapena a zilonda zokana kupola. Tsikulo likadzafika ndidzakhala woyamba kulemba patsamba lino. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha.

Azakhali anga akumwabe mapilitsi awo. Kabotolo kaja anapita nako kuchipatala kukaonetsa adokotala, ndipo ndalama zawo sizinabwerere. Inu amene mwawerenga, m'bale wanu akakufunsani funso limene anandifunsa ine, musamuyankhe ndi mphekesera za pa WhatsApp. Mutengereni kwa adokotala. Paja safunsa anadya phula.