Batire Idzaze Kaye

Kachipangizo kanga ka Kindle kowerengera mabuku anandibweretsera ndi mlongo wanga wa ku Leeds, ndipo kandiperekeza zaka zisanu, m'minibasi ndi m'mizere ya kuchipatala momwe. Usiku wina magetsi atazima chizimire masana, ndinakalumikiza ku intaneti ya pafoni kuti nditengeko buku limodzi lokha. Batire inkaonetsa theka, koma batire yokalamba imanama. Kachipangizo kaja kanayamba kokha kulowetsa firmware yatsopano, pulogalamu ya mkati ija imene imalamula chilichonse, kuyambira kutembenuza tsamba mpaka kuwala kwa sikirini. Kamzere kakuda koonetsa mmene kulowetsako kukuyendera kanayenda kufika pakati, basi kanaima.

Sikirini za mtundu uwu zimasunga chithunzi ngakhale moto utatheratu, choncho kamzereko kanangokhala pomwepo masiku awiri. Ndikadutsa pafupi ndi tebulo mtima unkangoti myuu. Mabuku ndikanawapezanso, koma timawu timene ndakhala ndikulemba m'mphepete mwa masamba zaka zonsezi, ndani akanandibwezera? Kachipangizoko kanadzatsitsimuka nditakatchaja usiku wonse n'kukanikiza batani kwa masekondi 40.

Anzanga ena amati mankhwala ake n'kukasiya pa airplane mode mpaka kalekale. Ine sindivomereza. Mu 2021 akatswiri a kampani ya Check Point anaonetsa kuti buku lokonzedwa mwachinyengo linkatha kutsegulira mbava khomo lolowera mu Kindle mpaka kufika pa akaunti ya mwini wake. Amazon, kampani yopanga Kindle, inatseka mpatawo ndi firmware ya 5.13.5, ndipo amene anakana update anatsala pambalambanda. Mu 2016 nako, eni ma Kindle akale anapatsidwa malire a 22 March: amene sanalowetse update pofika tsikulo sakanathanso kulumikizana ndi sitolo ya mabuku kufikira atailowetsa pamanja ndi chingwe cha USB.

Koma khomo lolowera sing'anga ndi lomwelo lolowera wodzalanda. Mu July 2009 anthu ena anadzuka n'kupeza kuti mabuku a George Orwell, 1984 ndi Animal Farm, afufutidwa m'ma Kindle awo ali chigonere, chifukwa wowagulitsa analibe chilolezo. Ndalama anabwezeredwa, Jeff Bezos, mkulu wa Amazon pa nthawiyo, anapepesa, komabe tonse tinaona kutalika kwa dzanja la kampani. Pa 26 February 2025 Amazon inachotsanso njira yotengera buku logula n'kulisunga pakompyuta kuti ulisamutse ndi chingwe. Kwa munthu wa Wi-Fi yosaduka izi n'zochepa. Kwa ife owerengera bandulo, njira imeneyo inali yamtengo wapatali. Ndipo chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti pa Kindle firmware ikalowa yalowa. Kampani sipereka njira yobwerera ku yakale ngakhale yatsopanoyo ikutopetsa chipangizo chako chokalamba.

Opanga zinthuzi ayenera kumatifunsa kaye, ndiponso kutiuza m'mawu omveka chimene chisinthe. Akapanda kutero, nthawi ndisankha ndekha.

Masiku ano kachipangizo kanga kamakhala kotseka intaneti sabata zambiri. Ndikamva kuti kwatuluka firmware yatsopano sindithamanga. Ndimadikira milungu iwiri kapena itatu kuti ndimve ngati ena akulira nayo. Likafika tsiku, ndimasankha m'mawa wa Loweruka magetsi alipo. Ndimayamba ndakopera mabuku anga onse ndi timawu tam'mphepete tija pakompyuta, mothandizidwa ndi Calibre, pulogalamu yaulere ya Kovid Goyal, ndipo kope lina ndimaliika pa flash imene imakhala m'kabati limodzi ndi ziphaso za sukulu. Kenako ndimatchaja mpaka kudzaza, chingwe osachotsa, ana ndawauza kuti asakhudze patebulo.

Loweruka lapitali ndinachita zomwezo. Kamzere kaja kanayenda pang'onopang'ono, ine ndili pambali ndi tiyi amene anazizira osamwedwa, mpaka kanafika kumapeto. Sikirini inaphethira kawiri, ndipo buku linatsegukira pa tsamba lomwe ndinalekezera.