Zikomo inu oyenda pambuyo pa ngaka

Okondedwa osamalira ngaka a ku Lilongwe Wildlife Trust,

Ndikulemba kuchokera kuno ku Malingunde, kufupi ndi damu la Kamuzu, komwe mapiri a Dzalanyama timawaona tikangotuluka m'nyumba. Ngaka ndidaiona kamodzi kokha, ndili mnyamata, tikudyetsa ng'ombe m'mphepete mwa nkhalangoyo. Inkayenda ndi miyendo yakumbuyo, yakutsogolo itapinda pachifuwa ngati munthu wopita kukalonjera amfumu. Itamva mapazi athu idadzipinda n'kukhala ngati nkhata, ndipo wamkulu amene tidali naye adatiletsa kuikhudza. Ana anga saidziwa. Chimene amaona chikutuluka m'Dzalanyama ndi njinga za makala basi.

Kudzipindako kumaipulumutsa kwa mkango ndi fisi, koma munthu amangoitola n'kuponya m'thumba. Akufuna mamba ake, amene ku Asia amati ndi mankhwala, chonsecho sasiyana ndi zikhadabo zathuzi.

Apolisi ndi a dipatimenti yoona za nyama zakutchire akailanda, imafika m'manja mwanu itatha masiku osadya, osamwa, ina ili ndi bala la msampha. Apa m'pamene ndimakugwadirani. Ngaka sidya za m'mbale. Ilibe mano, imadalira lilime lake lalitali lomata, ndipo nyerere ndi chiswe imafuna kudzifukulira yokha. Ndiye mumaitengera kutchire n'kumayenda pambuyo pake maola ambiri, tsiku ndi tsiku, ikununkhiza pachulu ichi, kukana, kupita pa china. Mumaiyeza pasikelo, kudikira kuti thupi libwerere, kenako n'kukaimasula kumalo otetezedwa. Ine ndaweta ziweto moyo wanga wonse, koma kuleza mtima kotere sindinakuonepo. Ngaka imabereka mwana mmodzi yekha pachaka, n'kumamunyamulira pamchira, choncho yaikazi imodzi mukaichiritsa mwasunga mbumba.

Lamulo lidakhwima mu 2017: wopezeka ndi ngaka akhoza kukaseweza zaka mpaka 30. Mu 2020 khoti ku Lilongwe lidatumiza kundende anthu a gulu la ozembetsa lotchedwa Lin-Zhang, ena pa mlandu wa mamba a ngaka. Ofufuza ndi oweruzawo nawonso alandire zikomo wanga.

Pempho langa n'limodzi. Mudzabwere kusukulu zathu za kuno ndi ku Mitundu, ngakhale ndi zithunzi zokha, ana athu aione nkhope yake, adziwenso kokanena akamva wina akunong'oneza malonda a ngaka pamsika.

Ine wanu,
Mlimi wa ku Malingunde