MUNDA SI MBUZI YA PAMSIKA: TAONANI ZA KU CHILENJE

Aliyense wa inu amene adzafike ku Lusaka caka cino, kaya kudzaona mwana kaya kuperekeza wodwala, apatule ola limodzi apite ku Chilenje. Afunse nyumba ya nambala 394. Ndi kanyumba kakang'ono kamene a Kenneth Kaunda anakhalamo ndi banja lao kuyambira mu January 1960 kufikira mu December 1962, nkhondo yomenyera ufulu iri mkati. Akatha kuona Land Rover imene iri pabwalo, asafulumire kukwera basi. Ayende m'makwalala a dera limenelo, aone mipanda ya njerwa, masitolo, mabala ndi nyumba zogona alendo, ndipo afunse kuti: kodi ana a anthu amene anali kukhala muno ali kuti?

Chilenje anamangidwa ndi atsamunda kuti mukhale anchito acikuda, pamene Azungu anadzisungira Kabulonga ndi Woodlands. Nyumbazo zinali za Khonsolo, ndipo munthu anali kulipira lendi mwezi ndi mwezi. M'caka ca 1996, cisankho citayandikira, a Frederick Chiluba analamula kuti nyumba za makhonsolo zigulitsidwe kwa okhalamo pa mtengo wotsika. Sitikana kuti panali cilungamo pamenepo. Bambo amene walipira lendi zaka makumi atatu, nyumbayo anaigula kale ndi thukuta lake.

Koma kumbukirani zaka zake. Zambia Airways inatsekedwa mu 1994, mabasi a UBZ anaima mu 1995, ndipo makampani a Boma anali kugulitsidwa limodzi ndi limodzi. Anthu zikwi zambiri anacotsedwa nchito. Motero munthu anapezeka ali ndi cikalata ca umwini, cimene a m'tauni amacha taito, m'dzanja lamanja, pamene m'dzanja lamanzere mulibe ngakhale ya unga. Adyera ananunkhiza. Ena anadza ndi ndalama m'cikwama, nagula nyumba pa mtengo wa njala. Ena anadza ndi kaloba, ngongole ija yakuti ukatenga 100 ubweze 150 mwezi ukatha. Wa kaloba wocenjera salembetsa pangano la ngongole ai. Amakusainitsa pepala lonena kuti wamgulitsa nyumba, nati ndi mwambo cabe, tidzang'amba mukabweza. Ukacedwa, pepala lija limapita ku khoti, ndipo katundu wako amagona panja.

Mabanja amene anagwiritsa nyumba zao, lero ana ao ali ndi pogona, ndipo ena amadya ndalama za lendi. Amene anagulitsa, ndalama zinatha msanga monga mcere m'madzi, nasamukira ku makomboni kukalipiranso lendi kwa munthu wina.

Mwina muti: ife a kumidzi zitikhudza bwanji za a m'tauni? Zikukhudzani, amai ndi abambo, cifukwa cikwama cija catuluka m'tauni ndipo ciri pa mseu wa Great East. Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.

Pa 30 June 1975, a Kaunda, atakwiya ndi anthu amene anagulitsa malo opanda kanthu pakati pa mzinda wa Lusaka pa mtengo woopsa, analengeza ku Mulungushi Hall kuti nthaka si malonda. Lamulo la caka cimeneco linanena kuti dothi palokha liribe mtengo. Wogulitsa angalipiritse nyumba, citsime kapena mitengo imene anabzala, koma osati nthaka. Lamulolo linali ndi zilema zake, ndipo sitizibisa: anthu anali kubisa mtengo wa malo mu mtengo wa nyumba, ndipo cilolezo ca Boma cinali kucedwa miyezi. Komabe linagwira mfundo imene mlimi aliyense aidziwa popanda sukulu, yakuti palibe munthu anaumba dothi.

Lamulo la Malo la 1995 linafafaniza zimenezo. Nthaka inakhala ndi mtengo, ndipo cacikulu kwa inu ndi ici: malo a makolo angathe kusandutsidwa malo a taito a zaka 99, ngati mfumu ndi Khonsolo abvomereza. Akasandutsidwa, acoka m'manja mwa mfumu ndi mwa mudzi, ndipo lamulolo silinaike njira yoti abwerere. Pitani ku Chongwe kapena ku Chibombo mukaone waya pamene panali madambo odyetsera ng'ombe.

Anthu a mataye amatiuza kuti cimeneci ndico citukuko. Amati taito ndi cuma, mlimi angaipereke cikole ku banki nakongola ndalama za feteleza. Tiwafunse: mlimi uti? Kuti taito ituluke pafunika woyeza malo, mapepala a ku Khonsolo, ndi maulendo a ku Unduna wa Malo, ndipo zonsezi zifuna ndalama. Kodi mai wamasiye wa ku Katete, amene amagulitsa matumba asanu a cimanga pa caka, angathe zimenezi? Amene amatha ndi mkulu wa nchito wa ku Lusaka, wamalonda, ndi kampani yakunja. Cotero lamulo limene linadza m'dzina la mlimi lathandiza kwambiri wogula munda wa mlimi. Ndipo mlimi amene wapereka munda cikole, mvula ikakana monga inakanira mu 2024, banki siifunsa za mitambo.

Inu a ku M'mawa simufunika kuphunzitsidwa za kulandidwa malo. Agogo anu anaona kampani ya North Charterland ikudzitengera dziko lalikulu lozungulira Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, ponena kuti Mfumu Mpezeni anapatsa Mjeremani Carl Wiese. Mu 1928 Angoni, Acewa ndi Ansenga anadulidwira malo ocepa ochedwa marizevu, nthaka inaguga, njala inalowa, ndipo amuna anathawira ku Harare ndi ku migodi. Nthawi imeneyo panafunika mfuti ndi Bwanamkubwa. Lero pangofunika siginecala imodzi, njinga yamoto ya mphatso, ndi mowa wa tsiku limodzi. Za ku Serenje zinalembedwa poyera mu 2017 ndi bungwe la Human Rights Watch: mabanja anacotsedwa pa minda imene analima zaka zambiri kuti papite mafamu akuluakulu, ena nagona m'matenti.

Asatinamizire kuti tidana ndi malonda. Gulitsani nshawa, thonje, soya, nkhumba ndi mbuzi, ndipo limbanani ndi ogula kuti mtengo ukwere. Mbuzi ukagulitsa, inzake ibala ina. Munda subala munda. Ngati wina afuna kulima pa malo anu ogonera, mbwerekeni nyengo imodzi kapena ziwiri, pamaso pa nyakwawa ndi mboni, ndipo pepala lililonse liwerengedwe mokweza m'cinenero canu musanaikepo cala.

Lamulo lomwelo la 1995 linena kuti malo a makolo asaperekedwe popanda kufunsa anthu amene akhudzidwa. Anthuwo ndinu. Pa msonkhano wa nthambi yanu funsani anyakwawa mwaulemu koma mosaopa: ndi malo ati a mudzi uno amene alonjezedwa kwa alendo, anabvomereza ndani, ndipo ndalama zinapita kuti? Mafumu ena a m'maboma a Chipata ndi Petauke anayamba kupereka zikalata za malo a makolo, zoonetsa malire a munda ndi maina a eni ake, malowo osacoka m'manja mwa mudzi. Pemphani mfumu yanu icite cimodzimodzi, ndipo dzina la mai lilembedwe pamodzi ndi la bambo, cifukwa bambo akamwalira kapena akakopeka ndi cikwama, amene amatsala ndi ana ndi mai.

Ndipo wobwera ndi galimoto akakuuzani kuti sagula ai, angobwereka kwa Boma zaka 99, werengani pa zala. Munda umene usainidwa caka cino, mwana amene ali kumsana lero adzakalamba ndi kufa pangano lake lisanathe.