Dzina lake anali Roberto

Usiku wotsiriza wa chaka, anthu akamadikira 12 koloko kuti ayambe nthungululu, ine maganizo anga amapita ku ndege ina imene inagwera m'nyanja pa 31 Disembala 1972, itangonyamuka kumene ku San Juan, m'dziko la Puerto Rico. Inadzaza chakudya ndi mankhwala. M'ndegemo munali Roberto Clemente, katswiri wa baseball, wa zaka 38.

Pa masewerawa, wina amaponya kampira kolimba mwaliwiro loopsa, ndipo wa timu inayo amakamenya ndi chibonga n'kuthamangira pamalo oyamba adani asanakafikitsepo. Wokhoza katatu pa maulendo khumi ndi kadaulo kale. Clemente, pa zaka 18 zimene anasewerera timu ya Pittsburgh Pirates, anakhoza maulendo 3,000 ndendende, komaliza pa 30 Seputembala 1972. Kanayi konse anaposa omenya onse mu ligi yake, ndipo kwa zaka 12 zotsatizana analandira mphotho ya Gold Glove chifukwa cha luso lake lowakha. Mkono wake unali woopedwa: akatola mpira kumapeto kwa bwalo, othamanga ankaganiza kawiri asanasunthe.

Koma chimene ndimamukondera ndi nkhani ya dzina. Anayamba kusewerera Pirates mu 1955, ali mnyamata wakuda wolankhula Chisipanishi, mwana wa kapitawo wa m'minda ya nzimbe. Pokonzekera ligi ku Florida sankaloledwa kugona hotela imodzi ndi anzake achizungu. Atolankhani ena ankalemba mawu ake monyodola katchulidwe kake ka Chingerezi, ndipo ankamutcha Bob, dzina limene linasindikizidwanso pa makadi a zithunzi zake. Iye ankakana. Makolo ake anamutcha Roberto, basi. Mu 1971, Pirates itagonjetsa Baltimore Orioles mu mpikisano waukulu wa World Series, iye n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana onse, anamupatsa mwayi wolankhula pa kanema. Anayamba ndi Chisipanishi, kupempha madalitso kwa bambo ndi mayi ake, dziko lonse la America likumvetsera. Munthu wolemekeza kumene anachokera ndi ameneyo.

Pa 23 Disembala 1972 chivomerezi chinagumula mzinda wa Managua ku Nicaragua, kumene iye anali atapitako masabata ochepa m'mbuyomo. Anasonkhanitsa thandizo n'kulitumiza, koma anamva kuti katunduyo akuthera m'manja mwa anthu a wolamulira Anastasio Somoza. Apa ambiri tikanangodandaula n'kunena kuti ife mbali yathu tachita. Clemente anaona kuti thandizo limene silinafike kwa wovutika silinaperekedwe. Anaganiza zoperekeza yekha katunduyo, pokhulupirira kuti pamaso pake akuba achita manyazi. Ndege imene anapeza inali yakale, ya mtundu wa DC-7, ndipo inasenzetsedwa mopyola muyezo.

Mnzake wa mu timu, Manny Sanguillén, sanapite ku mwambo wachikumbutso. Anali m'nyanja, akumira ndi kuvuuka, kufunafuna thupi la mnzake. Silinapezeke mpaka lero. Mu 1973 anamulowetsa m'nyumba ya akatswiri, Hall of Fame, osadikira zaka zisanu monga mwa lamulo, ndipo chaka chilichonse wosewera wotumikira anthu amalandira mphotho ya dzina lake.

Sindikunena kuti aliyense akwere ndege yoteroyo. Ndikunena kuti tikasonkha ndalama za odwala, za maliro kapena za okokoloredwa ndi madzi, tisathere pa kusonkha. Tifunse kuti thumba lija lafika kwa yani, tikaone ndi maso athu ngati n'kotheka. Clemente anakana kuti ena amusinthire dzina, anakananso kuti ena asinthe njira ya ufa wa anthu anjala. Ine ndimaona kuti ndi mtima umodzi womwewo.